Mapepala a William Carey: ali kuti, ndipo awerengedwe motani

M'makalasi a mbiri ya mpingo mumamveka kawirikawiri kuti William Carey, wosoka nsapato wa ku Northamptonshire, anapita ku India n'kukamasulira Baibulo m'zinenero pafupifupi 40. Si bodza lenileni. Koma munthu akati autsate mawu amenewa mpaka pa mapepala a nthawi imeneyo, amapeza kuti za moyo wa Carey, madandaulo ake, ndalama ndi mikangano zilipo mulu, pomwe za ntchito yomasulirayo, imene inamutchukitsa, n'zimene zili zoperewera kwambiri. Chifukwa chake chagona pa mmene mapepalawo analembedwera, mmene anayendera, ndi mmene ena anathera.

Carey anabadwa pa 17 Ogasiti 1761 ku Paulerspury. Bungwe lomutuma, lomwe linadzadziwika kuti Baptist Missionary Society kapena BMS, linakhazikitsidwa ku Kettering pa 2 Okutobala 1792, mlembi wake ali Andrew Fuller. Carey ananyamuka mu Juni 1793 pa sitima ya ku Denmark pamodzi ndi banja lake komanso dokotala John Thomas, nafika ku Calcutta mu Novembala. Kuyambira 1794 mpaka 1799 anali kapitawo wa fakitale ya utoto wa indigo ku Mudnabati, kufupi ndi Malda. Mu Januwale 1800 anasamukira ku Serampore, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Hooghly yomwe inali m'manja mwa Denmark, kumene anagwira ntchito ndi Joshua Marshman ndi William Ward mpaka imfa yake pa 9 Juni 1834. Sanapondenso ku England. Kwa zaka 40, chilichonse chimene ankafuna kuuza abale ake ndi omutuma chinayenera kulembedwa pa pepala, ndipo n'chifukwa chake makalata ake ndi ochuluka chonchi.

Kalata imakhala kwa amene anailandira

Ambiri oyamba kumene kufufuza amalakwitsa apa. Amaganiza kuti poti Carey anakhala ku Serampore, makalata ake ali komweko. Kalata ikatumizidwa imakhala katundu wa woilandira, choncho makalata amene Carey analemba ali ku Britain, ndipo amene iye analandira ndi omwe anatsala ku India, kumene chiswe, chinyezi ndi madzi osefukira zinali kuwadikirira.

Mulu waukulu uli ku Angus Library and Archive, mu Regent's Park College ku Oxford. Kumeneko n'kumene kuli nkhokwe ya zolembedwa zakale za BMS, yomwe inasamutsidwirako pamene bungweli linachoka ku London kupita ku Didcot mu 1989. Mabokosi a ku India amayamba ndi zilembo IN. Muli makalata a Carey opita kwa Fuller ndi kwa abusa anzake John Ryland ndi John Sutcliff, makalata opita kwa alongo ake, dayale yake, dayale ya Ward, ndi maminitsi a komiti ya kumudzi. Gawo lalikulu la nkhokweyi, la zaka za 1792 mpaka 1914, linajambulidwa pa microfilm ndi a Southern Baptist ku Nashville, ndipo malaibulale ambiri a maphunziro a zaumulungu anagula makope ake. Makalata ena opita kwa Ryland ali m'nkhokwe ya boma ya Northamptonshire, ena ali ku National Library of Wales ku Aberystwyth, m'gulu la makalata amene anatolera Isaac Mann.

Ku India, Carey Library and Research Centre ya pa Serampore College ndiyo ili ndi mabuku osindikizidwa pamishoni pomwepo, mipukutu ya m'zinenero za kumeneko ndi zinthu zina za Carey mwini. Koma Carey sanali wa mpingo wokha. Kuyambira 1801 anali mphunzitsi wa Chibengali ndi Chisansikiriti pa Fort William College, sukulu ya East India Company yophunzitsa anyamata odzalamulira dzikolo, ndiye malipiro ake, mabuku amene anapempha kuti asindikizidwe ndi mayina a antchito anzake zili m'zolembedwa za boma, ku National Archives of India ndi m'mapepala a India Office ku British Library. Za ulamuliro wa Serampore zili ku Copenhagen, poti tauniyi inaperekedwa kwa Angerezi mu 1845, ndipo chikalata chopatsa Serampore College mphamvu yopereka madigiri chinachokera kwa mfumu Frederick VI mu 1827. Makalata a ndalama zothandizira kusindikiza Mabaibulo ali m'nkhokwe ya British and Foreign Bible Society ku Cambridge University Library. Palinso Carey wa zomera, amene anasindikiza mabuku a William Roxburgh ndi kuyambitsa bungwe la zaulimi ku Calcutta mu 1820, ndipo makalata ake a mbali imeneyo anamwazikira m'mapepala a akatswiri a zomera. Kwa amene sangayende, malo ophunzirira za Carey a pa William Carey University ku Hattiesburg, Mississippi, anaika pa intaneti mabuku ambiri akale osindikizidwa.

Munthu mmodzi, mayiko osachepera anayi. Funso limene muli nalo ndilo likuuzeni koyambira. Ngati mukufuna kudziwa zimene ankaganiza, Oxford. Ngati mukufuna kudziwa amene ankalipidwa pa ntchito yomasulira, zolembedwa za Fort William College ndi maakaunti a mishoni. Ngati mukufuna kudziwa chimene chinatuluka m'makina, mabuku enieniwo.

Lumo la Fuller

Mbiri zambiri za Carey zimene zili m'mashelefu sizinalembedwe kuchokera ku makalata enieni. Zinachokera ku Periodical Accounts, magazini imene BMS inayamba kutulutsa m'ma 1790 pofuna kudziwitsa mipingo yosonkha ndalama. Kwa zaka zambiri Fuller ndiye ankasankha zolowamo. Kalata ikafika ankadulamo zimene ankaona kuti zifooketsa osonkha kapena zikwiyitsa akuluakulu a Company, n'kukonza Chingerezi chake, kenako n'kuipereka kosindikiza. Za Chingerezizo si nthabwala: Fuller anadzudzulapo Carey kuti munthu wodziwa zinenero zambiri chonchi amalemba chinenero chake chomwe mosasamala, kuunjika ziganizo zingapo popanda mpumiro.

Zifukwa zodulira zinali zomveka. Carey analowa mu India wopanda chilolezo cha Company, yomwe sinkafuna amishonale m'madera ake mpaka lamulo linasintha mu 1813. Mnzake wa ku Mudnabati, John Fountain, ankakonda kuponya mawu onyoza ufumu m'makalata ake, ndipo Fuller anamuchenjeza mwamphamvu poopa kuti makalatawo angagwere m'manja olakwika. Ndiye pali kusefa kuwiri: wolemba ku Bengal akudziletsa yekha, mkonzi ku Kettering n'kudulanso.

Ngakhale dayale ya Carey, imene imayamba mu Juni 1793 n'kulekeza mu Juni 1795, si buku lachinsinsi monga dzina lake lingakuganiziritseni. Inalembedwa kuti itumizidwe kwa omutuma. Mawu odzitsutsa amene adzazamo, akuti ndine waulesi, mtima wanga ndi wouma, ndi kalembedwe kamene Abaptisti a nthawi imeneyo ankayembekezera kwa munthu wodziyesa pamaso pa Mulungu. Amene amawawerenga ngati lipoti la dokotala amasochera, chimodzimodzi amene amawataya kuti ndi mwambo chabe, chifukwa mwana wake Peter, wa zaka 5, anamwaliradi ku Mudnabati mu 1794 m'miyezi yomweyo.

Njira yogwira ntchito ndi iyi. Mukapeza mawu a Carey m'buku, onani kaye ngati wolembayo anawatenga mu Periodical Accounts, m'buku la Eustace Carey, mwana wa mng'ono wake, la 1836, kapena m'kalata yeniyeni. Kenako ikani kalata yolembedwa pamanja pambali pa yosindikizidwa, muwerenge mzere ndi mzere. Polekanapo ndi pamene pali nkhani. Mufananitsenso makalata a mwezi umodzi opita kwa anthu osiyana: kwa komiti amalemba ngati wopereka lipoti, kwa Ryland ndi Sutcliff ngati kwa anzake, kwa alongo ake ndi kwa mwana wake Jabez, amene anapita ku Amboyna mu 1814, amamasuka kwambiri. Dayale ya Ward ndi mboni yachiwiri yabwino kuyambira 1799, poti Ward anali mtolankhani asanakhale mmishonale ndipo ankalemba zimene Carey sankaona kuti n'zoyenera kulemba.

Mabuku awiri akale a mbiri ya Carey ali ndi mbali yawo aliyense. Eustace anali m'gulu la amishonale achinyamata amene anakangana ndi akuluakulu a ku Serampore, ndipo sankamufuna Marshman. John Clark Marshman, amene analemba mbiri ya atatuwo mu 1859, anali mwana wa Marshman yemweyo, ndipo ankateteza bambo ake. Mkanganowo unali wa umwini wa malo ndi ndalama za mishoni, unakula Fuller atamwalira mu 1815, ndipo unalekanitsa Serampore ndi BMS kuyambira 1827 mpaka 1837. Zotsatira zake pa mapepala n'zakuti za zaka khumi zimenezo simungazipeze zonse m'maminitsi a BMS, ndipo timabuku tambiri ta nthawiyo ndi ta anthu odziteteza pa mlandu.

Usiku wa 11 Malichi 1812

Madzulo a tsikuli moto unabuka m'nyumba yosindikizira mabuku ku Serampore. Carey anali ku Calcutta kokaphunzitsa, ndipo Marshman ndiye anakamuuza m'mawa mwake. M'nyumbamo munali mapepala osalembapo ochuluka, zilembo zamtovu za zinenero 14 za ku Asia, ndi zolemba pamanja zimene zinkadikira kusindikizidwa. Zina mwa zimene zinapsa ndi galamala ya Chitelugu ndi ya Chipunjabi, mbali ya dikishonale ya Chibengali, mbali ya ndakatulo ya Ramayana imene Carey ndi Marshman ankamasulira, zolemba za Malemba m'zinenero zingapo, ndi zonse zimene Carey anasonkhanitsa kwa zaka zambiri pokonza dikishonale yofananitsa zinenero zochokera ku Chisansikiriti.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchito inayambanso msanga, muyenera kudziwa kapangidwe ka chilembo chosindikizira. Mmisiri amasema chilembo kunsonga ya kachitsulo kolimba. Kachitsuloko amakakhomera pa mkuwa, n'kusiya chibowo cha maonekedwe a chilembocho. M'chibowomo ndi mmene amathira mtovu wosungunula, n'kutulutsa zilembo mazanamazana. Chovuta ndi chodula ndi kusemako, ntchito imene ku Serampore anayamba Panchanan Karmakar n'kupitirizidwa ndi mkamwini wake Manohar. Ward atafukula phulusa anapeza kuti tizitsulo tosemedwato tapulumuka, makina osindikizira anali m'chipinda china ndipo anatulutsidwa, mtovu wosungunuka unatoledwa n'kuumbidwanso. Uthenga unatenga pafupifupi miyezi 6 kufika ku Britain, koma utafika, ndalama zoposa £10,000 zinasonkhedwa pasanathe miyezi iwiri. Mtengo wa zowonongeka mabuku ena amati £7,000, ena £10,000, ndipo wofufuza ayenera kutchula kalata imene watengamo chiwerengero chake.

Chitsulo chinapulumuka, pepala ayi. Dikishonale yofananitsa zinenero ija sinabwererenso mmene inalili. Ndipo kwa wolemba mbiri, chimene chinapita ndi umboni wa mmene ntchito inkayendera m'zaka 12 zoyambirira: pepala loyamba la womasulira, mizere imene Carey anafufuta, mawu amene anasinthidwa pa mphindi yomaliza. Amene anafufuzapo za Nyasaland asanafike 1919 amalidziwa dzenje lotere, poti moto wa ku ofesi ya boma ku Zomba chaka chimenecho unasiya mpata wofanana.

Moto sunali mdani yekhayo. Mu 1814 bwato la Felix, mwana woyamba wa Carey, linamira mu mtsinje wa Irrawaddy ku Burma. Mkazi wake ndi ana awiri anafera pomwepo, ndipo makina osindikizira ndi zolemba zake za Chibama zinapita ndi madzi. Mu 1823 Hooghly inasefukira n'kuwononga nyumba ya Carey ndi dimba lake. Pepala la kumeneko nalonso linali ndi vuto lakelake: ankalilimbitsa ndi phala la mpunga, chakudya chenicheni cha tizilombo, moti buku likachedwa m'makina, masamba oyamba ankadyedwa omaliza asanasindikizidwe. N'chimene chinawakakamiza kuyamba kupanga pepala lawo, mpaka kuitanitsa injini ya nthunzi imene inayamba ntchito mu 1820.

Ndani kwenikweni anamasulira

Popeza zolemba pamanja zambiri kulibe, ntchito yomasulira imalondoledwa ndi zinthu zitatu: malipoti a amishonalewo, mabuku osindikizidwa, ndi zimene otsutsa ananena.

Malipotiwo ndi timabuku totchedwa Memoir, tofotokoza mmene kumasulira kukuyendera, toyamba ka 1808, kakhumi ka 1834. Ndi tothandiza kwambiri pa madeti ndi kuchuluka kwa makope, koma tinalembedwa popempha ndalama. Mawu akuti chinenero chakuti "chili m'makina" angatanthauze kuti Chipangano Chatsopano chonse chatsala pang'ono kutuluka, kapena kuti masamba ochepa a Mateyu ndiwo aikidwa zilembo. Mukawerenga timabukuti motsatana mudzaona zinenero zina zikutchulidwa kamodzi kapena kawiri kenako n'kuzimiririka.

Mukasefa bwino, chotsala ndi ichi. Mabaibulo athunthu ogwirizana ndi dzina la Carey ndi 6: Chibengali, Chioriya, Chisansikiriti, Chihindi, Chimarathi ndi Chiassam. Chipangano Chatsopano cha Chibengali chinatuluka mu 1801, makope 2,000, Baibulo lonse linatha mu 1809. Cha Chisansikiriti chinatuluka mu 1808, Baibulo lonse mu 1818. Baibulo la Chitchaina la 1822 linasindikizidwa ku Serampore, koma ndi ntchito ya Marshman ndi Joannes Lassar, osati Carey. M'zinenero zina pafupifupi 30 munatuluka Chipangano Chatsopano kapena mabuku ochepa chabe. Chiwerengero cha 40 chimabwera mukaphatikiza zonsezi.

Chisansikiriti ndicho chinali mtima wa njira yawo. Carey ankakhulupirira kuti zinenero zambiri za kumpoto kwa India ndi ana a Chisansikiriti, ndiye anamasulira yekha Baibulo m'chinenerochi kuchokera ku Chigiriki ndi Chiheberi, motsatira kwambiri mawu a chiyambi. Kenako pandit, kutanthauza katswiri wophunzira wa kumeneko, wochokera ku dera lakutali, ankapatsidwa Baibulo la Chisansikiriti, kapena la chinenero china chimene ankachidziwa, kuti alitembenuzire m'chinenero cha kwawo. Carey ankawerenga zimene zatulukazo, kuzifananitsa ndi Chigiriki, n'kukonza. Njirayi ndi yachangu, koma malo olakwikira ndi oonekeratu. Cholakwa cha mu Chisansikiriti chimafalikira kwa ana onse. Pandit wozolowera chinenero cha maphunziro amadzaza buku ndi mawu amene mlimi wa kwawo sangawamve. Wokonzayo akuweruza chinenero chimene anachiphunzira kwa munthu yemweyo amene akumukonza, ndipo sanafikeko kumene chimalankhulidwa. Palibe mpingo wa olankhula chinenerocho woti uwerenge n'kunena kuti apa sitikumva.

Otsutsa anazigwira zimenezi Carey akadali moyo. Mu 1829 Vans Kennedy, msilikali wodziwa zinenero wa ku Bombay, anadzudzula Chimarathi cha ku Serampore kuti si chimene anthu amalankhula, ndipo William Greenfield anayankha moteteza mu 1830. Mkangano wawo ndi wamtengo wapatali chifukwa amakambirana mavesi enieni, mawu ndi mawu. Mabaibulo ambiri a ku Serampore anadzalowedwa m'malo ndi ena omasuliridwa ndi anthu okhala pakati pa eni chinenero. Kunena zimenezi si kunyoza Carey. Iye mwini ankaona ntchito zake zambiri ngati chiyambi choti ena adzakonze, ndipo Chipangano Chatsopano cha Chibengali anachikonza mpaka kusindikiza kwachisanu ndi chitatu mu 1832. Kufananitsa kope la 1801, limene ziganizo zake zimayenda ngati za chinenero chachilendo, ndi makope otsatira, kumaonetsa bwino zimene anaphunzira atayamba kugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi akatswiri a pa Fort William.

Mayina a akatswiriwo ndi amene ali osowa. Odziwika ndi ochepa: Ramram Basu, mphunzitsi wake woyamba wa Chibengali, amene Carey anamuchotsa ntchito mu 1796 koma anadzagwira naye ntchito pa koleji; Mrityunjay Vidyalankar, pandit wamkulu wa dipatimenti yake; Vaijnath, amene anathandiza pa Chimarathi. Ena ambiri amangotchedwa "pandit wathu wa chinenero chakuti". Kowapeza ndi m'mapepala a malipiro ndi m'mawu oyamba a magalamala, osati m'makalata opita ku mipingo. Wolemba wosamala sayenera kunena kuti Carey anamasulira Chikashmiri mofanana ndi mmene anamasulira Chibengali. Ndi ntchito ziwiri zosiyana zobisala pansi pa mneni mmodzi.

Pozindikira kope limene muli nalo m'manja, katalogi ya Mabaibulo osindikizidwa ya Darlow ndi Moule, ya 1903 mpaka 1911, ndiyo poyambira. Musakhulupirire chaka cha patsamba loyamba chokha. Ku Serampore buku lalikulu linkasindikizidwa pang'onopang'ono kwa zaka, ndiye chaka cha pachikuto chikhoza kukhala choyambira kapena chomalizira, ndipo n'chifukwa chake mabuku amasiyana chaka chimodzi kapena ziwiri pa Baibulo limodzi lomwelo.

Zopunthwitsa powerenga

Mayina ndiwo msampha woyamba, makamaka pofufuza m'katalogi ya pa kompyuta. Mudnabati imalembedwanso Mudnabatty ndi Madnabati. Serampore m'mapepala a ku Denmark ndi Frederiksnagore. Ramram Basu ndi Ram Boshoo, Krishna Pal, Mhindu woyamba kubatizidwa pa mishoniyo pa 28 Disembala 1800, ndi Kristno. Zinenero nazo: Telinga ndi Chitelugu, Kurnata ndi Chikannada, Mahratta ndi Chimarathi, Kunkuna ndi Chikonkani, Sikh kapena Shikh ndi Chipunjabi, ndipo Chisansikiriti mudzachipeza ngati Sungskrit kapena Shanscrit. Lembani mndandanda wa kalembedwe konse musanayambe, mufufuze kalikonse pakokha. Mabuku a m'ma 1790 ali ndi s wamtali wofanana ndi f, ndipo kompyuta yowerenga zithunzi imamusokoneza, moti mawu amene mukufuna akhoza kukhalapo koma osapezeka.

Wachiwiri ndi nthawi. Kalata inkatenga miyezi 5 kapena 6 ulendo umodzi, ndiye funso ndi yankho lake zimatalikirana chaka. Makalata ankapitana panyanja, moti Fuller akhoza kukhala akudzudzula chinthu chimene Carey anasiya kale. Kalata imodzi inkalembedwa kwa masiku angapo podikira sitima, ndipo deti la pamwamba ndi la ndime yoyamba yokha. Poopa kuti sitima imira kapena kugwidwa pa nkhondo ya Britain ndi France, makalata ofunika ankatumizidwa kawiri pa sitima zosiyana, ndipo makope awiriwo safanana nthawi zonse. Konzani tebulo la mizati itatu: tsiku lolembera, tsiku lolandirira ngati wolandira analilemba kumbuyo, ndi kalata imene ikuyankhidwa. Kalata yopanda deti iunikeni pa kuwala. Mapepala ambiri a ku Britain kuyambira 1794 ali ndi chaka chobisika mkati mwake, ndipo kalatayo singakhale yakale kuposa chakacho.

Wachitatu ndi pepala lenilenilo. Inki ya nthawi imeneyo inali ndi chitsulo, imasanduka yofiirira, imadutsira kuseri ndipo pena imadya pepala. Envelopu kunalibe: kalata inkapindidwa n'kumatidwa, ndipo poitsegula pankang'ambika kachidutswa, kawirikawiri pa tsamba lachitatu, n'kupita ndi mawu awiri kapena atatu. Pa microfilm zonsezi zimaoneka zakuda bii, ndiye pamene chiganizo chili chofunika pemphani chithunzi cha mtundu kapena muone pepala lenileni. Ku Angus, monga m'nkhokwe zambiri, mumalemberatu kupempha tsiku, mumatchula manambala a mabokosi, ndipo mumalemba ndi pensulo. Pokopera, sungani kalembedwe ka mwini wake, ndipo mawu amene mwangoganizira muwaike chizindikiro, kuti wobwera pambuyo panu asawatenge ngati a Carey.

Ndalama zili m'mitundu iwiri, marupi ku Bengal ndi mapaundi ku Britain, ndipo mtengo wosinthira sunali umodzi zaka zonse. £13 2s 6d yotchuka imene inasonkhedwa ku Kettering tsiku loyambitsa BMS ndi mapaundi 13, mashiling'i 2 ndi mapeni 6, kawerengedwe kamene achikulire a ku Malawi amakakumbukira kwacha isanabwere mu 1971. Zambiri mwa ndalamazo tsikulo zinali malonjezo olembedwa, osati makobidi a m'manja.

Mawu otchuka ndi anthu osalankhula

Ulaliki wa Carey wa ku Nottingham mu Meyi 1792, wochokera pa Yesaya 54:2-3, sunasungidwe. Chimene chinatsala ndi mitu yake iwiri, ndipo zolembedwa zoyambirira zimaipereka mwachidule: yembekezerani zazikulu, yesani zazikulu. Zowonjezera zakuti "kwa Mulungu" ndi "chifukwa cha Mulungu" zinakhazikika pambuyo pake. Nkhani inanso ndi ya mbusa wachikulire John Collett Ryland, amene akuti anauza Carey kuti akhale pansi, Mulungu akafuna kutembenuza anthu a mitundu ina adzachita yekha. Inalembedwa patapita zaka pafupifupi 30, mawu ake amasintha buku ndi buku, ndipo mwana wake John Ryland, amene anabatiza Carey mu 1783, anakana kuti bambo ake ananena zotero. Ikhoza kunenedwa ngati nkhani imene inkakambidwa, osati ngati mawu ogwidwa.

Dorothy, mkazi woyamba wa Carey, ndi chitsanzo cha munthu amene nkhokwe imamuonetsa kudzera m'maso a ena. M'kaundula wa ukwati wawo wa 1781 ku Piddington anasaina ndi mtanda. Poyamba anakana kupita ku India, anavomera sitima itatsala pang'ono kunyamuka ali ndi khanda, ndipo Peter atamwalira anadwala matenda a maganizo mpaka imfa yake mu 1807. Zonse zimene zimadziwika za matendawo zinalembedwa ndi amuna omuzungulira, Carey, Thomas, Ward, ndipo zambiri sizinaloledwe kulowa m'magazini. Olemba mbiri a m'zaka za m'ma 1800 anamujambula ngati chopinga pa ntchito ya munthu wamkulu. Makalata omwewo, owerengedwa ndi tebulo la madeti pambali, amaonetsa mayi wodwala kamwazi kwa miyezi, wosamutsidwa malo ndi malo, woika mwana m'manda kutali ndi kwawo.

Pali mbali zina zimene mapepala a mishoni okha sangazifotokoze. Mu 1807 kabuku ka Chiperisiya kosindikizidwa ku Serampore, konyoza Mtumiki Muhammad, kanatsala pang'ono kutseketsa makina onse, boma la Lord Minto lili tcheru chifukwa cha kuukira kwa asilikali ku Vellore chaka chapitacho. Amishonale anati mawu oipawo anawonjezera ndi womasulira wawo. Kuti muone nkhani yonse muyenera kuika makalata awo pambali pa a boma la ku Calcutta ndi a bwanamkubwa wa Denmark. Ngati zonena zawozo zili zoona, ndi umboni wa mmene zinthu zinkatha kudutsira m'makina popanda wamkulu kuziwerenga mokwanira.

Fayilo imodzi imafika mpaka m'Baibulo limene lili m'nyumba zambiri za olankhula Chichewa. Abaptisti a ku Bengal ankamasulira mawu a Chigiriki a ubatizo ndi mawu otanthauza kumiza. Amishonale a mipingo yobatiza makanda anadandaula, ndipo m'ma 1830 British and Foreign Bible Society inaleka kuthandiza Mabaibulo otero, n'kufuna kuti mawuwo angotengedwa mmene alili kapena amasuliridwe mosakondera mpingo. Abaptisti anayambitsa Bible Translation Society yawo mu 1840. Makalata a mkanganowu ali mbali ziwiri, Cambridge ndi Oxford. Njira yongotenga mawu a Chigiriki ndi imene timaiona mu Buku Lopatulika la 1922, mmene muli "batiza" ndi "ubatizo".

Chikalata cha chuma cha masiye cha Carey chimafotokoza chifukwa china chimene zinthu zake zili zomwazikana. Ku Serampore College anasiyira miyala, zigoba, tizilombo ndi zomera zouma zimene anatolera, Mabaibulo ake a zinenero zakunja, konkodansi (buku lolozera mawu a m'Baibulo) ya Chiheberi, ndi mabuku a Chitaliyana ndi Chijeremani. Mkazi wake wachitatu, Grace, analoledwa kusankha mabuku a Chingerezi amene angafune. Otsalawo analamula kuti agulitsidwe, poti ndalama zimene anapeza pa Fort William zaka zonsezo zinali zitalowa m'thumba la mishoni ndipo panalibe china chosiyira ana. Choncho buku lokhala ndi dzina lake patsamba loyamba likhoza kupezeka m'laibulale iliyonse, ndipo likapezeka, koyamba kuyang'ana ndi m'mphepete mwa masamba, ngati analembamo.